Kuundana kwa magazi: chiopsezo kwa odwala matenda a mavairasi ogonekedwa m'chipatala

Kuundana kwa magazi m'mitsempha ndi limodzi mwa mavuto omwe amagwera anthu ogonekedwa m'chipatala kaamba ka matenda aakulu oyambitsidwa ndi mavairasi monga Covid-19 ndi chimfine champhamvu cha influenza. Vutoli limatha kupha munthu yemwe amaoneka kuti wayamba kupeza bwino, ndipo nthawi zina limadza wodwalayo atatulutsidwa kale m'chipatala.

Akatswiri a zaumoyo amati vutoli ndi lopeweka pa odwala ambiri, malinga ngati wodwala aliyense aunikidwa pa tsiku lomwe wagonekedwa, apatsidwa mankhwala oyenera pa mlingo woyenera, komanso auzidwa zizindikiro zoti aziyang'anira akabwerera kunyumba.

Kuundana kwa magazi n'chiyani

Magazi a munthu analengedwa moti aziundana pamene mtsempha wadulidwa, ndipo n'chifukwa chake bala limasiya kutuluka magazi pakapita mphindi zochepa. Tizigawo ting'onoting'ono ta magazi totchedwa ma platelet timathamangira pabalapo n'kumatirirana, kenaka pamapangika ulusi wotchedwa fibrin womwe umalukana ngati ukonde n'kutseka pamalopo.

Vuto limayamba pamene magazi aundana m'kati mwa mtsempha popanda bala lililonse. Chibuma cha magazi choterechi kawirikawiri chimapangika m'mitsempha ya m'kati mwa mwendo, makamaka m'katumba ndi m'ntchafu, ndipo madotolo amatchula vutoli mwachidule kuti DVT. Chibumacho chikanyotsoka chimayenda ndi magazi, kudutsa mumtima mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Vuto lachiwirili limatchedwa pulmonary embolism, ndipo chibuma chikakhala chachikulu munthu amatha kumwalira m'kanthawi kochepa.

Magazi amathanso kuundana m'mitsempha yomwe imapititsa magazi ku ubongo, zomwe zimadzetsa sitiroko, kapena m'mitsempha yomwe imadyetsa mtima weniweniwo, zomwe zimachititsa kuti mbali ina ya mtima ife.

Dotolo wa ku Germany, Rudolf Virchow, yemwe anabadwa pa 13 Okotobala 1821, ndiye anafotokoza momwe chibuma chochokera m'mwendo chimafikira m'mapapo. Mfundo zitatu zomwe zimachititsa kuti magazi aundane zimadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Mfundozo ndi kuyenda pang'onopang'ono kwa magazi, kuonongeka kwa khungu lopyapyala la m'kati mwa mtsempha, ndi kusintha kwa magazi enieniwo kotero kuti sachedwa kugwirana.

Momwe mavairasi amakulitsira chiopsezo

Munthu wodwala kwambiri matenda a mavairasi amakumana ndi mfundo zitatu zonsezi pa nthawi imodzi.

Poyamba, wodwalayo amakhala chigonere kwa masiku ambiri. Munthu akamayenda, minofu ya m'katumba imafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kumtunda, koma akakhala chigonere magaziwo amadekha m'miyendo. Kutentha thupi, kutsegula m'mimba ndi kusamwa madzi mokwanira zimachepetsa madzi m'thupi, zomwe zimawonjezera vutoli.

Kachiwiri, chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi kachilombo chimatulutsa timadzi tochititsa kutupa. Pa matenda aakulu timadziti timachuluka mopyola muyeso n'kuononga khungu la m'kati mwa mitsempha. Timapaipi tomwe amalowetsa m'mitsempha ikuluikulu ya odwala mwakayakaya popereka mankhwala natonso timatha kuvulaza khunguli.

Kachitatu, kutupa komweku kumachititsa chiwindi kupanga zinthu zambiri zoundanitsa magazi, pamene kuchepa kwa mpweya wa okosijeni m'thupi kumawonjezera moto.

Mavairasi ena monga a Ebola amadziwika ndi kutaya magazi, koma nawonso amasokoneza dongosolo lomweli. Magazi amaundana m'timitsempha ting'onoting'ono tambirimbiri mpaka zinthu zoundanitsa magazi zimatha m'thupi, ndipo zikatero wodwala amayamba kutuluka magazi osaleka.

Zomwe mliri wa Covid-19 unaonetsa

Madotolo anali ataonapo kale vutoli pa mliri wa chimfine cha H1N1. Mu 2009 chipatala china cha m'chigawo cha Michigan ku America chinapeza kuti mwa odwala 10 omwe anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi chimfinechi, asanu anali ndi zibuma za magazi m'mapapo. Komabe kukula kwa vutoli kunadziwika bwino ndi Covid-19, matenda omwe anapezeka koyamba mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ndi mliri wa padziko lonse pa 11 Malichi 2020.

Mu Epulo 2020 madotolo a ku Netherlands anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 184 omwe anali m'zipinda za odwala mwakayakaya m'zipatala zitatu. Iwo anapeza kuti vuto la kuundana kwa magazi linafika pa odwala 31 mwa 100 aliwonse, ngakhale onsewo ankalandira kale mankhwala oteteza. Ambiri mwa iwo anali ndi zibuma m'mapapo.

Mwezi wotsatira akatswiri a mumzinda wa Hamburg ku Germany anaunika matupi a anthu 12 omwe anamwalira ndi Covid-19. Anthu 7 mwa iwo anapezeka ndi zibuma m'mitsempha ya m'miyendo zomwe palibe anaziganizira iwo ali moyo, ndipo anthu anayi anafa kaamba ka chibuma chomwe chinatseka mitsempha ya m'mapapo. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho, yemwe anayerekeza mapapo a anthu omwalira ndi Covid-19 ndi a omwalira ndi chimfine cha H1N1, anapeza kuti tizibuma ting'onoting'ono ta m'timitsempha ta m'mapapo tinali tochuluka kasanu n'kanayi mwa omwe anafa ndi Covid-19.

Mu Ogasiti 2022 magazini ya madotolo ya JAMA ku America inasindikiza kafukufuku yemwe anatsatira odwala kwa masiku 90 kuchokera pamene anagonekedwa. Mwa omwe anagonekedwa ndi influenza m'nyengo ya 2018 mpaka 2019, odwala 5.3 pa 100 aliwonse anapezeka ndi zibuma m'miyendo kapena m'mapapo. Mwa omwe anagonekedwa ndi Covid-19 katemera asanabwere chiwerengerochi chinali 9.5 pa 100, ndipo m'miyezi yomwe katemera anayamba kupezeka chinali 10.9 pa 100. Ziwerengerozi zikusonyeza kuti Covid-19 ndiye anali woopsa kwambiri, komanso kuti chimfine cha influenza chikafika pogoneka munthu m'chipatala nachonso si chochepa mphamvu.

Chiopsezo chimapitirira wodwala akatuluka m'chipatala

Kafukufuku wa ku Sweden yemwe anasindikizidwa mu Epulo 2022 anaunika anthu oposa 1 miliyoni omwe anapezeka ndi Covid-19. Iye anaonetsa kuti chiopsezo cha chibuma cha m'mwendo chimakhala chokwera mpaka miyezi itatu munthu atadwala, cha m'mapapo mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo cha kutaya magazi mpaka miyezi iwiri. Chiopsezochi chinali chachikulu mwa omwe anadwala kwambiri, omwe anali ndi matenda ena kale, ndi omwe anadwala m'chigawo choyamba cha mliriwu.

Bungwe la akatswiri a magazi la ISTH, lomwe mu 2014 linakhazikitsa 13 Okotobala kukhala tsiku lokumbukira vutoli padziko lonse, limati mpaka 60 pa 100 ya zibuma za m'miyendo ndi m'mapapo zimadza munthu ali m'chipatala kapena pasanathe masiku 90 atatulukamo. Choncho miyezi itatu yoyamba munthu atatulutsidwa ndi nthawi yofunika kukhala tcheru.

Omwe ali pachiopsezo chachikulu

Odwala sakhala pachiopsezo chofanana. Chiopsezo chimakula mwa anthu a zaka zoposa 60, onenepa kwambiri, odwala khansa, odwala mtima kapena mapapo, omwe anachitidwa opaleshoni kapena kuthyoka fupa posachedwa, komanso omwe anadwalapo kale vutoli kapena ali ndi achibale omwe linawagwera. Amayi oyembekezera ndi omwe angobereka kumene, makamaka m'masabata asanu ndi limodzi oyamba, ali m'gulu lomweli, pamodzi ndi amayi omwe amamwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen.

Kuno ku Malawi pali matenda awiri ofunika kuwaganizira mwapadera. Kachilombo ka HIV kamawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi, makamaka pamene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, ndipo chifuwa chachikulu cha TB nacho chimachita chimodzimodzi. Munthu yemwe ali ndi amodzi mwa matendawa akagonekedwa ndi matenda ena aakulu a mavairasi, zifukwa zoundanitsa magazi zimasanjikizana.

Zizindikiro

Chibuma cha m'mwendo chimadziwika ndi kutupa kwa mwendo umodzi, kupweteka kwa katumba, kutentha kwa pamalopo, ndi kusintha kwa maonekedwe a khungu, lomwe pa munthu wakuda limatha kuoneka loderapo kapena lonyezimira. Odwala ambiri sakhala ndi chizindikiro chilichonse m'mwendo mpaka chibumacho chitafika m'mapapo.

Chibuma cha m'mapapo chimadza ndi kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa pokoka mpweya, kugunda kwa mtima mothamanga, kutsokomola magazi, chizungulire kapena kukomoka. Zizindikirozi zimafanana ndi za chibayo, za TB ndi za Covid-19 yemweyo, ndipo n'chifukwa chake vutoli limaphonyeka. Madotolo amaliganizira makamaka pamene wodwala yemwe amapezako bwino wayambanso kubanika mosayembekezereka, kapena pamene mpweya watsika m'magazi kuposa momwe chithunzi cha ekisileyi chikusonyezera.

Kupindika kwa kamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ndi kulephera kulankhula bwino ndi zizindikiro za sitiroko.

Aliyense woona zizindikirozi ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo akauze achipatala kuti anagonekedwapo posachedwa. Mwendo wotupa chotere suyenera kusisitidwa, kuthowedwa kapena kutemedwa mphini, chifukwa kuufinya kungathe kunyotsola chibumacho, pamene kutema mphini kumadzetsa zilonda ndi kuchedwetsa chithandizo.

Kuyeza kwake

Pali njira zitatu zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Yoyamba ndi kuyeza magazi kotchedwa D-dimer, komwe kumaona zotsalira za chibuma chomwe chikusungunuka. Zotsatira zikakhala zotsika zimathandiza kutsimikiza kuti chibuma palibe, koma zikakwera sizitsimikizira kanthu pazokha chifukwa zimakweranso pa matenda ambiri aakulu komanso mwa amayi oyembekezera.

Njira yachiwiri ndi kuunika mitsempha ya m'mwendo ndi makina a sikani a ultrasound, ofanana ndi omwe amaunikira amayi oyembekezera. Njirayi ndi yotsikirapo mtengo ndipo imatheka wodwala ali pabedi pake. Yachitatu ndi kujambula mitsempha ya m'mapapo ndi makina a CT, omwe ndi okwera mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Komwe makina palibe, dotolo amadalira kuunika wodwala ndi mndandanda wa mafunso owerengetsera chiopsezo, ndipo amatha kuyamba mankhwala akudikira kutumiza wodwalayo kuchipatala chachikulu.

Kupewa ndi kuchiza

Njira zosafuna ndalama ndi kudzutsa wodwala kuti ayende akangopeza mphamvu, kumuthandiza kupinda ndi kutambasula mapazi ali chigonere, ndi kuonetsetsa kuti akumwa madzi okwanira. M'zipatala za m'dziko muno, momwe achibale odikirira matenda amagwira ntchito yaikulu yosamalira odwala, n'kofunika kuti anamwino aziwaphunzitsa zimenezi pamodzi ndi zizindikiro zoopsa.

Mankhwala odalirika m'chipatala ndi heparin, omwe anatulukiridwa mu 1916, ndi mtundu wake wina wotchedwa enoxaparin, womwe amabaya pansi pa khungu kamodzi patsiku poteteza. Anthu amawatchula kuti mankhwala osungunula magazi, ngakhale ntchito yake ndi kuchedwetsa kuundana ndi kuletsa chibuma kukula. Mankhwalawa amatha kuchititsa munthu kutaya magazi, kotero dotolo amayenera kuona kaye ngati wodwala ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena ma platelet ochepa.

Nkhani ya mlingo inavuta kwambiri pa nthawi ya Covid-19. Mu Januwale 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala ogonekedwa azipatsidwa mlingo wochepa woteteza. Mu Ogasiti chaka chomwecho zotsatira za kafukufuku wamkulu wa m'maiko angapo zinaonetsa kuti mlingo waukulu wa heparin unathandiza odwala omwe anali m'mawodi wamba, koma sunathandize omwe anali kale m'zipinda za odwala mwakayakaya. Kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain, yemwe anatenga odwala oposa 14,000, anapeza kuti asipulini sanachepetse imfa pakati pa ogonekedwa ndi Covid-19. Choncho munthu sayenera kudzigulira asipulini kugolosale poganiza kuti akudziteteza.

Pa za omwe atulutsidwa m'chipatala, kafukufuku wa ku Brazil wa odwala 320 omwe anali pachiopsezo chachikulu anaonetsa kuti kumwa mankhwala a rivaroxaban kwa masiku 35 kunachepetsa vutoli. Izi zimakhudza odwala osankhidwa ndi dotolo okha, osati aliyense wotuluka m'chipatala.

Munthu akapezeka ndi chibuma amalandira mankhwala kwa miyezi yosachepera itatu. Mankhwala akale akumwa ndi warfarin, omwe ndi otsika mtengo koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kotchedwa INR kuti mlingo usinthidwe. Mankhwala atsopano monga rivaroxaban, apixaban ndi dabigatran safuna kuyezetsa kotere, ndipo bungwe la WHO linaika gulu limeneli pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Odwala TB ayenera kudziwa kuti rifampicin amafooketsa mphamvu ya warfarin komanso ya mankhwala atsopanowa, ndipo ma ARV ena nawo amasokoneza kagwiridwe kake ka ntchito. Amayi oyembekezera amapatsidwa heparin chifukwa warfarin amavulaza mwana wosabadwa.

Nkhani ya katemera

Mu 2021 kunamveka malipoti akuti anthu ena omwe analandira katemera wa AstraZeneca ndi wa Johnson & Johnson anadwala mtundu wachilendo wa kuundana kwa magazi komwe kumadza pamodzi ndi kuchepa kwa ma platelet. Vutoli linatsimikizika, koma linkagwera anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni omwe anabayitsa. Kafukufuku wa akatswiri a pa yunivesite ya Oxford yemwe anatuluka mu Ogasiti 2021 anapeza kuti chiopsezo cha kuundana kwa magazi chinali chachikulu kwambiri mwa omwe anadwala Covid-19 kuposa mwa omwe analandira katemera.

Dziko la Malawi linalandira katemera woyamba wa AstraZeneca wokwana 360,000 mu Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX. Kampani ya AstraZeneca inasiya kugulitsa katemerayu mu 2024. Phindu la katemera pa nkhaniyi n'lakuti amachepetsa kudwala kofika pogonekedwa, komwe ndiko kumadzetsa chiopsezo chachikulu.

Zofunika kwa adindo ndi ogwira ntchito m'boma

Odwala Covid-19 oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Mu Januwale 2021 matendawa anakula kwambiri mpaka zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zinapanikizika, ndipo boma linakonza malo ena ogonekapo odwala kuphatikizapo bwalo la zamasewero la Bingu mu Lilongwe. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso vuto ladzidzidzi la padziko lonse, koma kachilomboka kadakalipo, ndipo chimfine cha influenza chimabwera chaka ndi chaka.

Pokonzekera miliri ya matenda a m'mapapo, chidwi chimapita pa mpweya wa okosijeni, mabedi ndi zovala zodzitetezera. Zomwe zinaoneka mu 2020 zikusonyeza kuti heparin, zipangizo zoyezera INR ndi makina a ultrasound nazo ziyenera kukhala m'ndondomeko zogulira katundu wa zipatala, kuyambira ku Central Medical Stores Trust mpaka m'makhonsolo omwe amayendetsa zipatala za m'maboma.

Njira yotsika mtengo koposa ndi fomu younikira chiopsezo. Kuyambira mu 2010 zipatala za boma ku England zinalamulidwa kuti wodwala wamkulu aliyense aziunikidwa chiopsezo cha kuundana kwa magazi akamagonekedwa, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti imfa zodza ndi vutoli pakati pa otuluka m'chipatala zinatsika. Ntchitoyi imafuna pepala limodzi ndi mphindi zochepa za namwino kapena dotolo.

Akuluakulu a m'maofesi ayeneranso kuganizira ogwira ntchito omwe abwerera kuntchito atagonekedwa ndi matenda otere. Mu 2007 bungwe la WHO linapeza kuti ulendo woposa maola anayi munthu ali chikhalire, kaya pa ndege, pa basi kapena pa galimoto, umachulukitsa kawiri chiopsezo cha chibuma cha m'mwendo. Wogwira ntchito yemwe watuluka m'chipatala m'miyezi itatu yapitayo ayenera kufunsa kaye dotolo asananyamuke ulendo wautali, monga wa pa basi wopita ku Johannesburg kapena wa pa ndege wopita kumisonkhano ya kunja. Ulendo ukakhala wosapeweka, aziimirira ndi kuyendako pafupipafupi, azigwedeza mapazi ali pampando, ndipo azimwa madzi okwanira. Chimodzimodzi pamisonkhano ya tsiku lonse, okonza msonkhano ayenera kupereka nthawi yoti anthu awongole miyendo.

Wodwala aliyense wotuluka m'chipatala, kapena m'bale womudikirira, ali ndi ufulu wofunsa achipatala ngati chiopsezo chake chinaunikidwa, mankhwala omwe wapatsidwa ndi masiku owamwera, komanso zizindikiro zomwe ziyenera kumubweza kuchipatala msanga.